Chidindo m'Kabuku ka Nachisale

Pamsika wa Manong'onong'o, pakati pa ogulitsa usipa ndi osoka nsapato, anaimikapo mwala wautali ngati munthu. Analembapo kuti: NACHISALE, WOCHIRA WOYAMBA WA UFUMU WA ZONSEZILIBWINO. Ine sukulu ndinalekeza sitandade fili, koma mawu amenewo ndimawawerenga onse, ngakhale mochedwa. Nachisale ameneyo ndi mkazi wanga. Ndinakhala naye zaka makumi anayi ndi zitatu, ndipo dothi loyamba m'manda mwake ndinaponya ndine. Ndiye poti mwala sufufutika ndi malovu, ndagula kope ndi bolopeni kuti nanenso ndilembe zanga. Ndine Layisoni Gama, wa m'mudzi mwa Kumbuyo.

Amene simunafikeko kwathu kuno mudziwe kaye za masitepe a kubwalo. Mfumu yathu, Sindilakwa Wachitatu, simva mawu aawisi. Anayambitsa ndi agogo ake, akuti tsiku lina mlimi anawauza zoona asanadye kanthu, mpaka anagona sabata yathunthu. Kuyambira pamenepo mawu opita kwa mfumu amadutsa mwa aneneri atatu okhala pamasitepe. Pansi pali a Wonjeza, pakati a Thirapo, pamwamba a Kometsa ndi chimkuzamawu chawo. Iwe wodandaula umaima pansi penipeni, ng'oma zikulira kumbuyo kwako, kuti akumve a Wonjeza okha. Mwambo wake ndi wakuti mawu sakwera sitepe ali owonda, chimenecho ndi chipongwe, ngati kupatsa apongozi nkhuku yachitopa. Abwino amawanenepetsa, oipa amawasambitsa. Chaka cha njala tinapitako kukanena kuti m'nkhokwe mulibe kanthu. Pofika pamwamba mawu anali akuti anthu a Kumbuyo asesa nkhokwe zawo mpaka mbee, ndipo mfumu inatitumizira chikho cha ukhondo. Chilipo mpaka lero, timamwetsera nkhumba.

Nachisale sanali sing'anga wa mikanda ndi michira ayi. Anali mayi wamba wodziwa mizu ingapo imene anamusonyeza azakhali ake. Pa mitengo yonse ankadalira umodzi, ife timati mgonetsamimba, ndipo unalipo umodzi wokha dera lonse, kuseri kwa chulu cha kudambo. Kakumbidwe kake kanali ndi malamulo. Ankakumba mbali ya kum'mawa yokha, muzu umodzi wonga chala, kenako n'kukwirira dzenjelo ndi manja, n'kuthirapo madzi. Ine ndikati tikumbiretu yambiri tisamavutike kubwerabwera, ankandiyang'ana cham'mbali.

"AGama, kwa mnansi mukapempha mchere mumanyamula ndi mphika womwe?"

Munthu akabwera m'mimba mukupotokola, ankamuwiritsira. Koma akangomva kuti m'chimbudzi mukuoneka magazi, ankamubweza pakhomo pomwepo. "Uwu umagonetsa ululu basi. Wakuba sumugwira, umangogonetsa galu. Pitani kuchipatala."

Kenako kunabwera mtsikana wa kusukulu ya ukachenjede, Dokotala Tinyade Kalonjere. Ankayenda m'midzi ndi timabotolo, kufufuza mitengo imene mwina ingadzathandize pa khansa ya m'matumbo. Nachisale anamupatsa mizu iwiri, n'kumukwiriritsa dzenje yekha ndi manja ake osalalawo. Anapita. Anabweranso patadutsa mvula ziwiri, ali ndi nkhani yoti atiuze, koma asanaiyambe anangoti maso pa Nachisale dwii.

"Agogo, chitenjechi chikukuzungulirani kawiri. Mukudya koma?"

"Ndikudya, mwanangu. Kungoti pali mlendo amene akudya nane."

Tsiku limenelo ndi limene ndinamva za magazi. Miyezi inayi akubisa, munthu woti ankathamangitsira anzake kuchipatala. Ndinakalipa. Iye anangoti, "Nanga chimanga akanapalira ndani, inu ndi msana wanuwo?"

Tinyade anatikweza galimoto yake mpaka kuchipatala chachikulu cha Bweranimawa. Kumeneko kuli Dokotala Chikakuda, wamfupi, wadazi, ndipo ufumu wonse wodziwa kudula matumbo ndi yekhayo. Anamuyeza Nachisale ndi kapaipi kokhala ndi diso kunsonga, anatenga kanyama kukaunika, ndipo patapita masiku anatiitana.

"Mayi, ndi khansa ya m'matumbo. Koma mwayi ulipo, ikadali malo amodzi. Ndidula thumbo kachigawo kotalika chonchi, ndilumikiza kwabwinoko."

"Ngati paipi ya mjigo," anatero Nachisale.

"Ngati paipi ya mjigo. Mudzapaliranso chimanga inu."

Anatsegula kabuku ka kuchipatala ka Nachisale n'kulembamo tsiku la opaleshoni: Lachiwiri, pakatha masabata atatu. Kabuku kameneko Nachisale anakaika m'pepala la shuga n'kumangirira pachitenje. Ngakhale popita kubafa sankakasiya.

Lachisanu loti Lachiwiri lake ndi limenelo, Tinyade anaitanidwa kubwalo kuti akanene zimene wapeza. Anatipempha kuti timuperekeze. Anati mtengo ndi wa agogo, dzina lawo limveke. Mwana anafuna zabwino, ine sindimuimba mlandu.

Tinaima pansi pa masitepe, ng'oma zikulira. Tinyade anagwada nati, "Tinatenga madzi a muzuwu n'kuthira pa tizidutswa ta khansa m'kambale kagalasi. Pa khumi tilitonse, tinayi tinafa. Ndi chiyambi chabe. Tiyenera kuyesa pa makoswe, kenako pa anthu. Zitenga zaka khumi, ndipo mwina sizitheka n'komwe. Tikupempha nyumba yowetera makoswe ndi magetsi osazimazima."

A Wonjeza anatsokomola, anatembenukira kumwamba. "Akuti muzu wapha khansa m'mbale, ndipo makoswe khumi ndi okonzeka kuchitira umboni!"

A Thirapo anakuwa: "Akuti muzu wapha khansa m'mbale, m'miphika, ndi m'matumbo a anthu, moti ngakhale makoswe akuvina!"

A Kometsa anapukuta chimkuzamawu ndi mpango. "Mwini dziko, inu amene mvula imakupemphani chilolezo isanagwe, mu ulamuliro wanu khansa yamanga katundu! Mtengo wanu waigonjetsa!"

Mawu a mfumu potsika sadutsa mwa munthu, amangogwa ngati dzungu kuchoka padenga. Inati, "Wachira ndani? Ndimuone."

Aneneri anayang'anana. A Wonjeza anaona Nachisale atagwira muzu m'manja. "Mayi, mizuyi inu mumamwa?"

"Ndimamwa, bambo, kuti ululu ugone. Koma matenda alipo. Lachiwiri ndikupita kumpeni."

"Akuti amamwa, ululu unagona, ndipo Lachiwiri ali ndi ulendo!"

"Akuti anamwa, matenda anagona osadzukanso, moti ayamba kuyenda maulendo ataliatali!"

"Mwini dziko, nayu mayi amene mwendo umodzi unali kale m'manda! Lero wachira, ndipo Lachiwiri akukapikisana ndi njinga!"

Nthungululu zinalira. Tinyade anaimirira, kuiwala ndi mwambo womwe, akukuwa kuti ayi, si zimene ndanena! A Wonjeza anati akuti mawu amuthera. A Thirapo anati akulira. A Kometsa anati akulira ndi chimwemwe. Tinyade anavekedwa mendulo pakhosi. Za makoswe palibe anazitchulanso.

Mlembi wa mfumu anatsika ndi chidindo chachikulu ngati chibakera. Anafunsa ngati mayiyu ali ndi pepala lililonse la matenda ake. Nachisale, poganiza kuti akaona zimene analemba dokotala amvetsa, anamasula pepala la shuga lija ndi manja ake. Mlembi sanawerenge. Anangotsegula pamene panali tsiku la opaleshoni, phaa! Inki yofiira: WACHIRA, MWA LAMULO LA MFUMU. Tsiku lomwelo mtengo wa kudambo unasankhidwa kukhala Nduna Yoona za M'mimba, ndipo Nachisale anapatsidwa apolisi awiri omulondera kulikonse, akuti ulemu.

Lachiwiri tinalawirira kuchipatala, Nachisale asanadye kanthu monga anatiuzira, apolisi ake ali pambuyo. Kalaliki wa pawindo atatsegula kabuku anadzambatuka n'kuchita sailuti. Anatilowetsa kwa Dokotala Chikakuda. Iye anayang'ana chidindocho nthawi yaitali, akusisita dazi.

"Madala, lamulo likuti wodula munthu amene mfumu yati wachira, wadula mawu a mfumu. Ndi zaka khumi ndi ziwiri kundende."

"Ndiye mukuopa ndende, adokotala?" ndinatero ine, mtima utatentha.

"Ndende ndikuiopa, sindinama. Koma chimene ndikuopa kwambiri ndi awo aima pakhomowo. Akandigwira mimba ili yotsegula, asoka ndani? Ndipo panjapo pali anthu makumi asanu akudikira mpeni womwewu."

Zinalidi choncho. Anthu wamba opanda chidindo ankadulidwa bwinobwino n'kumapita kwawo. Wosaloledwa kuchira anali Wochira yekha.

Chikakuda anatinong'oneza nzeru. Anati tibwerenso sabata yamawa ndi kabuku katsopano ka dzina lina, apolisi tiwasiye kumsika akudya chiwaya. Tinachitadi. Nachisale anakhala Esitere wa ku Chigwa. Koma sabata imeneyo ndi imene zinatuluka zitenje za boma, za nkhope ya Nachisale, mtengo uli pamutu ngati ambulera. Ufumu wonse unavala. Nesi wolemba mayina anayang'ana Esitere, anayang'ana kumbuyo kwa mnzake amene anawerama akukolopa, anayang'ananso Esitere. Kenako anagwada n'kuyamba kuomba m'manja, wodi yonse n'kulandira nyimbo.

Pobwerera Nachisale anati, "Zaka zonsezi ndinkakupemphani chitenje chatsopano, aGama. Sindinadziwe kuti chitenjecho ndidzakhala ine. Taonani uyo, wandikhalira pamphuno."

Mizu ya m'nyumba itatha anatenga kakhasu kake kupita kudambo, ine ndikumugwira mkono. Tinapeza chulu achisalaza. Mtengo auzunguliza waya, thunthu alipaka laimu, pansi ponse athira simenti yosalala mpaka kukhudza khungwa, kuti alendo olemekezeka asadetse nsapato. Pambali panali mbendera ndi galimoto yakuda ya Nduna, dalaivala akugona m'kati. Msilikali anatiimitsa.

"Nduna siikumbidwa, agogo. Ngati mukufuna kuonana nayo lembani kalata."

"Mwanawe, simenti imeneyi iupha mtengowu. Umwa bwanji madzi?"

"Nduna simwa madzi a mvula ngati udzu. Timaibweretsera a m'botolo."

Anatisonyeza. Anatsegula botolo n'kuthira pasimentipo, madzi n'kuyenderera mpaka kukalowa pansi pa galimoto.

Ndiye onani. Mpeni anamulanda, muzu anamulanda. Wakuba ali m'nyumba, galu ali maso akuuwa. Masana ankagona pamkeka pansi pa mpapaya atapinda mawondo, ine ndikumuthowa msana ndi kansalu ka madzi otentha. Apolisi aja poyamba ankaima chilili ngati mitengo ya magetsi. Patapita masiku mmodzi anayamba kutitungira madzi, winayo kuwaza nkhuni. Ankatcha Nachisale amayi. Koma kabuku akakaona ankachitabe sailuti.

Kumsika kunali chipwirikiti. Aliyense anasanduka wogulitsa muzu wa Nduna. Ndinapeza mphwanga wina, Jelasi, ataunjika chinangwa chouma pathumba akukuwa kuti mgonetsamimba weniweni, wochiritsa khansa ndi nsanje yomwe.

"Iwe Jelasi, chimenechi si chinangwa chimene unkakazinga dzana?"

"Dzana chinali chisanalumbiritsidwe, malume."

Wosoka nsapato anati iye wamva kuti chaka chamawa asankha bowa kukhala Nduna ya Nyumba, poti ali kale ndi denga. Anthu anaseka chogwira pakamwa, maso ali uku ndi uku. Ine sindinaseke. Ndinakakhala pa benchi ya Abiti Jafali, wogulitsa usipa, mnzake wa Nachisale kuyambira ali atsikana. Anandipatsa madzi, anandisiya ndilire kaye, kenako anati:

"AGama, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe akuchitireni. Koma masitepe amene aja choipa sichikwera, mukudziwa. Mukati akudwala, pofika pamwamba akhala akuvina. Apatseni chokoma chokhala ndi mpeni m'kati, ngati mbedza m'nyambo."

"Chokoma chake chiti, Abiti?"

"Kanenani kuti anthu a ufumu wa Tionekaye akutiseka, akuti n'zabodza. Ndiye mupemphe kuti dokotala atsegule mimba ya akazi anu, aone yekha mmene mtengo wa mfumu wayeretsera. Akatsegula, Chikakuda adziwa chochita. Amene aja kunyozedwa ndi a Tionekaye sangagone nako."

Ndinamugwira manja onse awiri, mamba a usipa n'kundimatirira. Ndinati mayi inu mukanabadwa pamasitepe.

Lachisanu ndinavala jekete la ukwati wa mwana wathu Dolofe, ndinakaima pansi paja. Mawu ndinali nditawaloweza njira yonse. Ndinati, "A ku Tionekaye akuti kuchira kwa mkazi wanga ndi bodza. Ndikupempha kuti dokotala amutsegule aone ntchito ya mtengo wa mfumu, manyazi awagwire. Ngakhale mawa lomwe."

A Wonjeza maso anawala. "Akuti amutsegule pamaso pa mboni zochokera ku Tionekaye, sabata yamawa!"

Ndinati mumtima, sabata si kanthu.

A Thirapo: "Akuti amutsegule pamaso pa mafumu onse oyandikana nafe, bandi ya apolisi ikuimba, mwezi wamawa!"

A Kometsa anaimirira ndithu. "Mwini dziko, mkuluyu akupempha kuti Wochira atsegulidwe pamaso pa dziko lonse lapansi, m'nyumba yagalasi yomangidwa mwapadera, pa tsiku lokumbukira kubadwa kwanu, chaka chamawa!"

Mfumu inati, "Zichitike. Ndipo wina asamukhudze tsikulo lisanafike, angaononge chionetsero."

Ndinaiwala, abale. Ine ndi Abiti tonse tinaiwala kuti tsiku nalonso limakwera masitepe omwewo, ndipo nalo limanenepa.

Nditafika kunyumba ndinalephera kulowa. Ndinakhala pamtondo panja mpaka Nachisale anandiitana. Nditamufotokozera anaseka, kuseka mpaka kugwira pamimba misozi ili mbwee, kaya ya kuseka kaya ya ululu.

"Mwachita bwino munati mawa, aGama. Mukanati sabata yamawa akanadzandidula adzukulu a Chikakuda."

Chikakuda sanagone. Anakalowetsa dzina lake mu komiti yokonza chikondwererocho. Pamsonkhano anaimirira nati bandi ikuyeserera, ana a sukulu akuyeserera, amayi ovina akuyeserera, nanga iye yekha akachite manyazi pamaso pa mafumu, mpeni ukakamuterereka? Nayenso ayeserere. Komiti inaona kuti ndi nzeru. Koma inakhala misonkhano inayi kukambirana ngati sangayeserere pa mbuzi. Chikakuda anati mbuzi sinadindidwe, matumbo ake ndi osachira, sangafanane. Pamsonkhano wachisanu anavomera. Pamenepo n'kuti itadutsa miyezi isanu ndi iwiri chichokereni Lachiwiri lija.

Tsiku loyeserera Nachisale anamulowetsa kufiyeta m'mawa. Anali wopepuka moti pomukweza pabedi la matayala ndinamunyamula ndekha, ine wa msana uja. Apolisi ake anaima pakhomo, ulendo uno ndi chilolezo. Panja pa windo bandi inkabwereza nyimbo imodzimodzi, wa lipenga akulakwitsa malo amodzimodzi. Anandiuza kuti zitenga maola anayi. Ola lisanathe chitseko chinatseguka.

Chikakuda anavula kachisoti kake n'kukhala pabenchi pambali panga. Sanandiyang'ane.

"Madala, yafika kuchiwindi. Yamwazika paliponse ngati mapira otayika pamchenga. Ndangotseka." Kenako anati, "Lachiwiri lija ndikanaichotsa ndi dzanja limodzi."

Munthu wamkulu, wophunzira, analira ngati mwana. Ndinachita kumutonthoza ndine.

Nachisale atatsitsimuka anamufunsa, "Mwapezamo zotani, adokotala? Mwayera?"

Chikakuda anayamba zoti mayi, tiyesetsa, pali mankhwala ena othandiza. Nachisale anamugwira dzanja.

"Musandisambitsire mawu. Muno mulibe masitepe."

Anamuuza zonse. Nachisale anagwedeza mutu ngati akumva mtengo wa feteleza. Anapempha kabuku kake, anapatsa Chikakuda, nati alembe zimene waonazo pansi pa chidindo. Analemba, timalemba ting'onoting'ono, n'kusaina dzina lake lonse. Anatipatsanso botolo la mankhwala amadzi oletsa ululu, amene anamuthandiza kuposa muzu uja, iye mwini anavomera.

Nachisale anakhala ndi moyo masabata asanu ndi limodzi. Tinyade ankabwera Loweruka lililonse, mendulo ija anali ataitaya m'chimbudzi. Tsiku lina Nachisale anamutuma kuseri kwa bafa, kumene kunali ndowa yobooka. Munali timitengo titatu ta mgonetsamimba, tofika m'bondo. Anafesa njere zake kalekale osauza munthu, ngakhale ine.

"Tenga, mwanangu. Ukawete makoswe akowo ngakhale m'khitchini. Mwina muli kanthu m'mitengomu, mwina mulibe, ukaone bwinobwino. Koma kubwalo usakanene. Zaka khumi zikhale khumi."

Anamwalira Lachinayi m'mawa, chimanga chitayamba ngaiyaye. Anandiuza kuti ndikatsegulire mbuzi zikulira. Pobwera ndinapeza wapita. Mbuzi zimenezo ndinazigulitsa, sindinkafuna kuziona.

Lamulo limati munthu wa chidindo akachoka pamudzi, kubwalo adziwe. Ndinapitanso, jekete lomwe lija. Sindinaloweze kanthu ulendo uno. Ndinangoti, "Mkazi wanga wamwalira."

A Wonjeza anandiyang'ana, ndipo ndikhulupirira kuti anamva chisoni. Koma ntchito ndi ntchito. "Akuti Wochira wagona."

"Akuti Wochira akupumula mwamtendere!"

"Mwini dziko, uthenga wochokera ku Kumbuyo! Wochira uja tsopano sakumvanso ululu ngakhale pang'ono!"

Zaka zonse zimene ndakhala mu ufumu uno, kameneka kanali koyamba kumva a Kometsa akunena zoona.

Mfumu inati, "Mwamva? Imikani mwala pamsika."

Tinamuika Loweruka. Apolisi ake awiri anavula mayunifolomu n'kulowa m'dzenje kukumba nawo limodzi ndi adzukulu. Nduna nayo inauma chaka chomwecho, masamba onse waa pasimenti. Kubwalo anati yapuma pantchito mwaulemu. Dalaivala akadali pomwepo, akudikira kuti mwina ituluka. Nyumba yagalasi inalekezera m'mawindo, mukugona nkhunda. Tinyade ali ndi makoswe makumi awiri m'chipinda chimene amachita lendi, akuti ena akuonetsa kusintha, ena ayi, ndipo akuti ndisalembe zoposa pamenepa. Sindilemba.

Masiku ano tsiku la msika ndimakakhala patsinde pa mwala uja. Abiti Jafali amayanikapo usipa mbali ya dzuwa, akuti mwala wa boma umaumitsa msanga. Anthu amabwera kuchokera kutali, ena atagwira pamimba, ena owonda chitenje chikuwazungulira kawiri, kudzagula chinangwa cha Jelasi. Amawerenga mwalawo, kenako amafunsa aliyense amene ali pafupi kuti kodi mayi ameneyu amakhala kuti, timuone ndi maso.

Ine ndimati, "Ndikumudziwa. Tiyeni ndikuperekezeni."

Si patali. Umadutsa pachigayo, umatsika kamtsinje, umafika pamjigo pamene njira imagawikana. Ife timapita kumanja, kumitengo ya masuku. Ndimawasonyeza mtumbira, ndimamasula pepala la shuga, ndimawapatsa kabuku awerenge okha, chidindo chofiira pamwamba ndi timalemba ta Chikakuda pansi pake. Sindiwonjeza kanthu, sindithirapo, sindikometsa. Ena amakwiya, amati ndine mdani wa chitukuko. Ena amangondibwezera kabuku.

Pobwerera timafikanso pamjigo paja. Njira ya kumanzere ndi ya kuchipatala. Ine ndimaima, ndimachita ngati ndikumwa madzi, ndikuonera pansi pa mkono. Sabata yatha ndinaperekeza anthu asanu ndi awiri. Anayi anakhota.